Chenjezo kwa otaya zovala chifukwa cha zipi ndi batani

Ana anga a mu Lilongwe muno, ndakhala chete nthawi yaitali ndikuona zimene mukuchita ndi zovala, koma lero ndiyankhula ngakhale ena mwa inu munene kuti nkhalamba yayambanso. Sabata yatha mdzukulu wanga amene ali ku sekondale anaponya thalauza la sukulu m'dzala kuseri kwa nyumba chifukwa zipi inali itasiya kugwira. Nsalu yake inali yolimba, m'mawondo munali musanaperepeseke, ndipo mtundu wake unali usanasuluke n'komwe. Ndinalitola, ndinalichapa, ndi kupita nalo kwa telala wina amene amasoka pa khonde la golosale kwathu kuno ku Kawale. Bamboyo anatenga lezala, anadula ulusi wa zipi yakaleyo mosamala, anaika ina n'kupalasa makina, ndipo tisanamalize n'kulonjerana komwe thalauza linali litakhalanso bwino. Ndalama imene ndinapereka sinayandikire ngakhale pang'ono mtengo wa thalauza la kaunjika.

Nditafika nalo kunyumba, mwanayo sanathokoze. Anati anzake akazindikira kuti zipiyo ndi yoikirira adzamuseka. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa matenda amene akugwirani ndi manyazi opanda mutu. Mwafika pomaona chigamba ngati chizindikiro cha umphawi, pamene umphawi weniweniwo mukuuitana nokha pogula chinthu chimodzi katatu pa chaka.

Kodi simukuona mmene zinthu zakwerera? Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo popeza mabelo a kaunjika amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja, mtengo wake unakwera mpaka ogulitsa eni ake anayenda pa msewu mu Febuluwale 2025 kukadandaula ku Nyumba ya Malamulo. Pitani ku msika wa Tsoka mukafunse amayi amene amatsegula belo m'mawa, adzakuuzani mmene akuvutikira kuti apeze mpamba. Ndiye inu amene simunayambe n'kugwira ntchito komwe, mphamvu yotaya malaya chifukwa cha batani limodzi mukuitenga kuti?

Ife tinakula chovala chili ndi moyo wautali. Kolala ya malaya a bambo ikatha, telala ankaisula n'kuitembenuza, mbali yothayo n'kubisika pansi, ndipo bambo ankapita nawo ku tchalitchi zaka zina ziwiri osachita manyazi. Diresi la mwana wamkulu ankalipinda m'munsi kuti likwane mng'ono wake, iye akatalika n'kulimasulanso. Chitenje cha mayi chikasuluka chinkakhala mbeleko, chikatha apo chinkang'ambidwa kukhala matewera, ndipo sanza zotsalazo zinkakhala nkhata yosenzera ndowa kapena chikolopa. Nsalu zambiri masiku amenewo zinali za thonje, lomwe limalimidwa ku Salima, ku Balaka ndi ku chigwa cha Shire, ndipo zina zinkawombedwa ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre. Sanza ya thonje ikagwera m'nthaka inkaola n'kutha.

Zovala zambiri zimene mukugula lerozi, zonyezimira zija zimene zimakutengani mtima, ndi chikomekome cha nkhuyu. Zambiri ndi za poliyesitala, ulusi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, m'bale wake wa jumbo ndi botolo la pulasitiki. Chovala chotere sichiola msanga ngakhale chikwiririke zaka zambiri. Mukachiponya m'ngalande chimakola timitengo, majumbo ndi mchenga mpaka njira ya madzi kutsekeka, ndipo mvula ya mu Januwale ikabwera madzi aja amasefukira m'nyumba za anthu amene sanalakwe chilichonse. Imani pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kapena m'mbali mwa Lingadzi mvula ikangokata, mudzaona nokha sanza zitapachikika m'mabango. Ena mwa inu mumati mwachenjera, mumazitentha madzulo kuseri kwa mpanda. Nsaluyo imasungunuka n'kumadontha ngati phula, utsi wake wakuda umalowa m'nyumba ya mnansi wanu, ndipo amene amavutika nawo kwambiri ndi makanda ndi odwala mphumu.

Amayi ndi atsikana, nanunso ndili nanu mawu, ndipo mundikhululukire ngati akhale owawa. Chinkhoswe chilichonse chili ndi chitenje chake, ukwati uliwonse uli ndi yunifolomu yake, ndipo diresi limene munasoketsa ndi ndalama ya ngongole mumalivala tsiku limodzi n'kulitsekera m'sutikesi chifukwa anthu analiona kale pa Facebook. Anthuwo ndi ndani, ndipo anakuthandizani ndi chiyani pogula nsaluyo? Telala yemweyo amene analisoka angathe kulidula kukhala siketi, kusintha manja ake, kapena kutulutsamo kadiresi ka mwana. Ngati mwatopa nalo zedi, kumudzi kuli abale anu amene angalilandire ndi manja awiri, ndipo ku mpingo kwanu amadziwa mabanja amene akusowa chofunda ndi chovala nyengo yozizira ya mu Juni.

Zovala zina mumazipha nokha pochapa. Mumathira jiki pa nsalu ya mtundu, mumazimenyetsa pa mwala ngati zakulakwirani, mumazisiya pa chingwe padzuwa masiku awiri mpaka kusuluka, kenaka mumatenga simbi ya makala yotentha kwambiri n'kuiika pa poliyesitala mpaka kuboola. Tembenuzani chovala musanachiyanike, chichotseni chikangouma, ndipo posita yalani kansalu kena pamwamba. Pakang'ambika pang'ono, sokani tsiku lomwelo, chifukwa bowo lolowa chala lero limalowa chibakera pakatha sabata.

Makolo anzanga, mlandu waukulu ndi wathu. Tinasiya kuphunzitsa ana kulowetsa ulusi pa singano, ndipo anyamata tinawauza kuti kusoka ndi ntchito ya akazi, chonsecho matelala ambiri amene akudyetsa mabanja awo pa makonde a ku Mchesi, ku Biwi ndi ku Area 25 ndi amuna. Singano, ulusi wakuda ndi woyera, ndi kachitini kosungiramo mabatani ochotsedwa pa zovala zakutha siziyenera kusowa m'nyumba iliyonse.

Mdzukulu wanga uja thalauza lija analivala Lolemba, ndipo pobwera ku sukulu sananene kuti wina anamuseka. Loweruka likubwerali ndimukhazika pa mphasa ndi singano m'manja mwake, chifukwa malaya ake oyera atsala ndi mabatani atatu okha.