Nyanja ya kuno si ya ku Salima, abale

Kanema amene akuzungulira m'magulu a WhatsApp uja wandinyansa. Galimoto yabwinobwino, madzi afika m'mawindo pa msewu wopita ku chilumba cha Holy Island kuno ku UK, ana akulira m'kanyumba kothawiramo kaja, bambo wake akulozera nyanja ngati yamulakwira. Yalakwa chiyani? Chikwangwani chili pomwepo polowera, nthawi zowolokera zalembedwa. Safunsa adadya phula.

Onani nthawi ya madzi musanadzutse galimoto, basi. Nyanja yathu timaiopa pa mwera, koma gombe la ku Senga Bay silisuntha m'mawa ndi madzulo. Ya kuno imadzadza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo msewu wa ku Lindisfarne (dzina lina la Holy Island), wochokera ku Beal ku Northumberland, umamira kawiri konseko. Khonsolo ya Northumberland imaika pa intaneti nthawi zowolokera za tsiku lililonse, ulere.

Za tsiku lililonse, ndabwereza dala. Madzi amachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku ndi tsiku. Ndiye mnzanu akati "ife tidawoloka 2 koloko Loweruka lapitalo", inu n'kutengera zomwezo Loweruka lino, mwasiyana naye pafupifupi maola 6. Ola lomwe iye adapeza mchenga ndi lomwe inu mukapeze nyanja. Google Maps ikuuzani kuti pitirirani, siidziwa za madzi.

Onani nthawi ziwiri: yolowera ndi yotulukira. Ambiri amagwidwa pobwerera, atachedwa kujambulitsa ku Lindisfarne Castle kapena kudikira tiyi. Chotsani mphindi 30 pa nthawi yotsekera, chifukwa mphepo ikakhala yamphamvu madzi amafika msanga, makamaka mwezi ukangooneka kapena ukakhala wathunthu. Nthawi zimenezi ndi za msewu wa galimoto. Njira ya pansi yodutsa pamchenga, yotsatira mitengo yozikidwa ija, imamira msewu usanamire, osazisakaniza.

Mwachedwa? Khalani pachilumbapo, dikirani madzi aphwe, ndi maola ochepa chabe. Musati "angofika m'matayala". Madzi oyenda a masentimita 30 amatha kuyandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo injini ikamwa madzi amchere yatha, mawaya ake omwe. Ngati mwagwidwa kale pakati, isiyeni galimotoyo, kwerani m'kanyumba kapamwamba kaja, imbani 999 mupemphe a coastguard, oyang'anira chitetezo cha panyanja. Amene abwere ndi boti la RNLI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja, kuchokera ku Seahouses ndi anthu odzipereka, asiya ntchito zawo chifukwa cha inu amene mudachita ulesi kuwerenga mizere iwiri. Ku Cramond Island pafupi ndi Edinburgh ndi ku St Michael's Mount ku Cornwall nkhani ndi yomweyi.

Mwina ndi kutopa ndi mashifiti, munthu wapeza tsiku limodzi lopuma ndiye akufuna Bamburgh Castle, chilumba ndi ulendo wa pa boti zonse tsiku lomwelo. Nanga nyanja ikudziwa za rota yanu?

Ndipo poti tayamba, za ma seal, nyama za m'nyanja zomwe zimaberekera pagombe. Kamwana koyera kagona pagombe mu Novembala, wina n'kukayandikira ndi foni, mwinanso kukagwira. Sikanatayike, make ali m'madzi pafupi. Amakayamwitsa pafupifupi masabata 3 okha, ndipo mukamuopseza amatha kukasiyiratu, kafe ndi njala. Imani patali, galu akhale pachingwe, gwiritsani zoom. Seal imaluma, bala lake limatukusira moipa. Ma puffin, mbalame za pa zilumba za Farne Islands pafupi ndi Seahouses, nawo ndi a Epulo mpaka Julayi. Wolipira boti mu Seputembala n'kumakalipira woyendetsa kuti mbalame zili kuti, adzifunse yekha. Ndipo ku Inner Farne mu Juni valani chipewa, timbalame ta tern timajompha pamutu.