Anthu a ku Meymand sakhala malo amodzi chaka chonse

Zikomo alembi pa nkhani yanu ya mudzi wa Meymand. Mwatchula kuti mudziwu unali ndi anthu 673 pa kalembera wa mu 2006, koma onsewo sagona m'mudzimo chaka chonse. Anthu a ku Meymand, m'chigawo cha Kerman ku Iran, amakhala m'nyumba zosemedwa m'thanthwe makamaka nyengo yozizira. Kukafunda amatsata nkhosa ndi mbuzi zawo kubusa, kukatentha amasamukira kuminda ya zipatso. Wowerenga anthu atafika nthawi imeneyo angapeze zitseko zambiri zili zotseka.

Izi zimandikhudza chifukwa dehyar, mkulu woyendetsa mudzi amene amasankhidwa ndi khonsolo ya mudziwo, akamakapempha za madzi kapena msewu kuboma, chiwerengerocho n'chimene chimamuyankhulira. Chonde mudzalembenso za makhonsolo amenewa, omwe anthu anayamba kuwavotera mu 1999.