Ku Zambia chitini chomata, kwathu kuno timazira takufa m'kajumbo

Ndikulemba mtima udakali kuwawa, ndiye pomwe ndapyola malire mundikhululukire. Mwezi watha ndinabaya mlamba waukazi jakisoni wokhwimitsa mazira, m'mawa mwake n'kuufinya mazira, ndipo anaswa bwinobwino mpaka mabeseni anga kuchita kuda bii ndi tiana. Oweta mlamba mukudziwa kuti masiku atatu oyamba kamwana kamadalira kamba yemwe kamabadwa naye kumimba. Kambayo akatha kamafuna chakudya chamoyo, choyenda, chokwana pakamwa pake. Madeya sikawadziwa. Apa mpamene timathamangira Artemia, timazira tija tooneka ngati fumbi la khofi, tomwe tikaikidwa m'madzi amchere timaswa tizilombo tosakwana theka la milimita.

Tanga ndinagula ku Lilongwe kwa munthu wina amene amagulitsa zofunika pa ulimi wa nsomba. Anandipimira ndi supuni n'kundimangira m'kajumbo. Dzina panalibe, deti panalibe, koma mtengo wake ngati ndikugula golide. Kunyumba kuno ku Mchinji ndinachita zonse mwa ndondomeko: botolo lodula kunsi lozondotsa, magalamu 25 a mchere pa lita, magalamu awiri a timazira pa lita, pampu ya mpweya ikuwiritsa madzi usiku wonse, nyali ili pambali. Maola 24 anakwana, zii. Maola 36, madzi anayamba kununkha, timazira tili mbwee pansi. Uku tiana tikuzungulira m'mabeseni ndi njala. Ndinayesa kuphika dzira la nkhuku n'kusefera chikasu chake pa kansalu, koma chimaononga madzi msanga, ndipo mlamba ukamva njala sudikira, umayamba kudya m'bale wake. Pofika tsiku la khumi totsala tinali tokwana m'kapu. Nditabwerera kwa wogulitsa uja yankho linali lakuti, "Bwana, mwina simunathire mchere wokwanira."

Patangopita sabata ziwiri ndinadutsa pa chipata cha Mwami kupita ku Lusaka kukazonda achemwali anga, ndipo ndinalowa m'sitolo ina ya zaulimi mongoyesa. Abale anga, chitini chomata cha magalamu 425, cholembedwa dziko limene chachokera, deti, ndi kuchuluka kwa timazira toyenera kuswa pa 100 tiliwonse. Anachitulutsa mu firiji, osati pa shelefu padzuwa. Mtsikana wogulitsayo asanalandire ndalama anayamba wandifunsa, "Batate, muli na pampu? Nanga malaiti yakayenda muzachita bwanji?" Anandichenjeza kuti ndikatsegula ndizipungulira tochepa m'kabotolo kouma, chitinicho ndizitseka ndithu n'kubwezera kozizira, chifukwa chinyontho ndicho chimapha timazira. Pomwepo ndinadziwa chimene chinapha tiana tanga. Sunali mchere.

Nditafika kunyumba ndinayesa m'botolo lomwe lija, mchere womwe uja. Tsiku lisanathe, nditazimitsa pampu n'kuunika ndi tochi kunsi kwa botolo, mtambo wofiirira ngati olenji unasonkhana pamene panali kuwala, timakoko tili yandayanda pamwamba. Ndinakhala pansi kwa kanthawi, ndikuganiza za mabeseni aja.

Musandimve molakwa. A ku Zambia nawonso timazirati salima. Tambiri timachokera kutali, ku nyanja zamchere monga Great Salt Lake ya ku Utah ku America, ndipo mtengo wake ku Lusaka nawo umaluma. Pa za magetsi asatinamize, chaka cha 2024 madzi ataphwa ku Kariba, damu lomwe amapangirako magetsi, anzathuwa ankakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse, ndipo Artemia popanda mpweya ndi imfa basi. Komanso pa nkhani yoteteza nyanja ine ndili kumbali ya kwathu. Iwo ali ndi nsomba yachilendo yotchedwa Nile tilapia m'makola a pa Kariba, ife tinaikana kuti chambo ndi makumba athu zisasokonekere, ndipo ndimanyadira zimenezo. Chambo sichivutanso chonchi, mayi amafungatira ana m'kamwa, akamatuluka amakhala atakhwimako. Nzeru nazo tili nazo, ku Domasi ndi ku Bunda kuli anthu odziwa mlamba kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Koma nzeru za m'kalasi sizidyetsa kamwana ka masiku anayi. Kusiyana kwathu kuli pa msika. Ku Siavonga, m'mbali mwa Kariba ku Zambia, kuli makampani aakulu a nsomba monga Yalelo ndi Lake Harvest, ndipo mafakitale a chakudya cha nsomba a Aller Aqua ndi Skretting anamangidwa komweko. Kumene nsomba ili bizinesi yaikulu chonchi katundu amayenda, sagonera, ndipo wogulitsa amadziwa kuti wogula akafunsa mafunso. Kwathu kuno ndalama zakunja zimasowa, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye woitanitsa amakwanitsa chitini chimodzi kapena ziwiri, n'kutsegula, n'kumapimitsa pang'onopang'ono chaka chonse, dzinja ndi chilimwe chomwe, chivindikiro chili gwaa pa kauntala. Umphawiwo ndikuumvetsa. Chimene sindikhululuka n'kundigulitsa zakufa kenako n'kundiuza kuti wolakwa ndine.

Ku Kenya anayamba kale kuweta Artemia m'minda ya mchere kufupi ndi Malindi. A ku Mozambique ali ndi gombe lalitali, minda ya mchere, ndi ulimi wa ma prawn (tinyama todyedwa ta m'madzi, ta mtundu wa nkhanu) cha ku Quelimane, omwe ana ake nawonso amayambira pa chakudya chomwechi. Ife nyanja yamchere tilibe, tizigulabe kunja mpaka kalekale, nchifukwa chake kasungidwe n'kofunika kwambiri kwa ife kuposa kwa onsewa.

Tsopano ndisanabaye nsomba ndimayamba ndaswetsa kachitsine kamodzi kuti ndione ndi maso. Anzanga awiri, wina wa ku Kasungu wina wa ku Dedza, tagwirizana kuti tizisonkherana chitini chimodzi, kuchitsegula tonse tilipo, n'kugawana m'timabotolo touma tsiku lomwelo. Loweruka likudzali ndikubaya mlamba wina, ndipo mabeseni ndatsuka kale.