Mlangizi ankabwerera kwawo, wolangizidwa ankatsala

Nkhani ya Afghanistan ikangotuluka pano, sipalephera kupezeka wina wolemba kuti asilikali a dzikolo anali amantha: anapatsidwa mfuti, magalimoto ndi ndege kwa zaka 20, koma a Taliban atangotulukira anavula yunifolomu n'kuliyatsa liwiro. Ngati inunso mumatero, si inu nokha. Ngakhale Joe Biden, pulezidenti wa America pa nthawiyo, likulu la dzikolo Kabul litagwa pa 15 Ogasiti 2021, mawa lake anayankhula zofananazo, kuti ana a America sangamafere nkhondo imene eni dziko sakufuna kumenya. Ine mawu amenewa ndimawakana. Amene amandichititsa kuwakana ndi munthu amene satchulidwa kawirikawiri: mlangizi wachilendo amene ankadya, kugona ndi kuyenda ndi asilikali a Afghanistan.

Alangiziwa ankatumizidwa m'timagulu ting'onoting'ono. A America ankatcha timaguluti ETT, a NATO (mgwirizano wa asilikali wa America ndi maiko anzake) ankati OMLT. Kagulu kamodzi kankapatsidwa kandak, lomwe ndi gulu la asilikali a Afghanistan mazana angapo. A Britain ankagwira ntchitoyi makamaka ku Helmand, chigawo cha kummwera, m'madera ngati Sangin, Musa Qala ndi Nad-e Ali, kumene anyamata athu ena amene analowa usilikali ku Britain anapondako. Kuyambira Januwale 2015, NATO itasiya kumenya nkhondo mwachindunji, kuphunzitsa ndi kulangiza ndiyo inatsala ntchito yake yaikulu.

Taganizirani kaputeni wa zaka zosakwana 30, nkhondo waionapo kamodzi kapena sanaionepo n'komwe, atakhala pansi moyang'anizana ndi bambo wa imvi amene anayamba kugwira mfuti m'ma 1980, nthawi ya asilikali a Soviet Union, kaya ali mbali ya boma kaya ali mbali ya mujahideen, magulu amene ankalimbana ndi bomalo. Mnyamatayo ndiye mlangizi. Bamboyo ndiye wolangizidwa.

Tsiku linkayamba ndi tiyi. Ku Afghanistan sungangofika n'kuyamba nkhani ya ntchito. Uvule nsapato pakhomo, mufunsane za moyo, za ana, za kumudzi (za mkazi wa mnzako ayi, zimenezo sufunsa), kapu ya tiyi wobiriwira ithe, ibwere ina, ndiyeno nkhani ya ntchito ilowe chozemba. Mzungu wozolowera kuyang'ana wotchi ankaona ngati tsiku likungowonongeka, pamene mwini malo ndi nthawi yomweyo imene ankamuyeza kuti ndi munthu wotani. Kenaka kuyendera malo olondera, kuwerenga mfuti, kufunsa kuti dizilo wa sabata yatha wapita kuti, ndipo masiku ena kuyenda wapansi m'minda ndi m'ngalande momwe a Taliban ankakwiriramo mabomba. M'chilimwe ku Helmand kumatentha kupitirira madigiri 45. Mwezi wa Ramadan ukagwera nthawi imeneyo, msilikali amene sanamwe madzi chiyambire m'bandakucha sungamuuze kuti anyamule katundu masana ngati kuti palibe chachitika. Alangizi anzeru anaphunzira kudya ndi kumwa mobisala. Ena sanaphunzire.

Mawu onse ankadutsa pakamwa pa wotanthauzira, amene nthawi zambiri anali mnyamata wa m'tauni wodziwako Chingerezi. Iyeyo ndiye ankasankha mawu oti awafewetse ndi oti angowameza, ndipo ndikhulupirira kuti anaphula alangizi ambiri pamoto iwo osadziwa. Dzikolo lili ndi zilankhulo ziwiri zikuluzikulu, Dari ndi Pashto. Asilikali ambiri amene ankatumizidwa kummwera anali ochokera kumpoto ndi pakati, a Tajik, a Uzbek, a Hazara, pamene mlimi wa ku Helmand ndi wa mtundu wa Pashtun. Choncho gulu likalowa m'mudzi, mlimiyo ankaona alendo a mitundu iwiri, wina wa ku Britain, wina wa ku Badakhshan kumpoto kwa dzikolo, onse osadziwa kuti munda uwu ndi wa yani ndipo mkangano wa madzi unayamba liti. Amene ankadziwa zimenezo ndi mnyamata wa Taliban, mwana wa m'mudzi momwemo.

Nanga bambo wa imvi uja ankamveranji malangizo a mwana? Sikuti ankasowa nzeru za nkhondo. Mlangizi anali ndi wailesi. Zinthu zikathina, wailesi imeneyo ndiyo inkaitana ndege zoponya mabomba. Wina akavulala, ndiyo inkaitana helikopita. Zipolopolo ndi mafuta zikakanirira kulikulu, foni ya mlangizi ndiyo inkazitulutsa. Mkuluyo ankagwedeza mutu pa nkhani ya mapulani, n'kumaliza ndi kufunsa za mafuta a jenereta, ndipo ine sindimuona wolakwa. Ankadziwa chimene mlendoyo angamupatsedi.

Ankadziwanso kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Asilikali a Britain ankakhala miyezi sikisi, a America ambiri osapitirira chaka. Miyezi yoyamba munthu akuphunzira mayina, yomaliza akulongedza. Mkulu wa kandak amene wakhala ku Helmand zaka zisanu waona alangizi khumi, aliyense ndi nzeru zake zatsopano, aliyense akufuna kuti pochoka asiye chizindikiro. Ukamukana poyera umataya mafuta. Ukangoti chabwino, tiona mawa, miyezi sikisi imatha yokha. Pali alangizi amene anabwerera kwawo akunena kuti anthu a ku Afghanistan ndi aulesi, osazindikira kuti ankangowadikira kuti apite. Komanso munthu amene akhalebe pamalopo iwe utapita, banja lake lili m'dera lomwelo, sangakhale ndi changu choputa mavu ngati iwe amene uli ndi tsiku lokwerera ndege.

Mutu wa nkhani yanga uli apa. Alangizi sanatumidwe kukalimbitsa asilikali amene anawapeza. Anatumidwa kukaumba gulu lofanana ndi lakwawo, m'dziko limene silikanatha kulisamalira. Msilikali wa ku Afghanistan ankaidziwa AK-47 chiyambire ubwana, mfuti yosasamala fumbi. Cha m'ma 2008 anayamba kumulanda n'kumupatsa M16, imene imafuna kupukutidwa pafupipafupi ndipo zipolopolo zake ndi zina. Amakaniki a dzikolo ankaidziwa helikopita ya ku Russia ya Mi-17 ndipo mbali yaikulu ya ntchito yoikonza ankaigwira okha. Kuyambira 2017 America inayamba kubweretsa helikopita yakeyake ya Black Hawk, yomwe kukonza kwake kunali m'manja mwa makampani akunja. Katundu aliyense ankafuna fomu yodutsa m'maofesi angapo mpaka ku Kabul, chonsecho William Caldwell, mkulu wa asilikali amene ankatsogolera maphunzirowa cha m'ma 2010, ananena yekha kuti mwa anyamata 100 olowa usilikali, odziwa kuwerenga anali pafupifupi 14. Munthu wosatha kuwerenga nambala ya mfuti yake ukumuuza kuti alembe fomu yoitanitsira matayala.

Zina n'zoseketsa, kungoti munafa anthu. Mu 2017 ofesi ya SIGAR, imene inkafufuza kayendetsedwe ka ndalama za America ku Afghanistan, inapeza kuti madola pafupifupi 28 miliyoni anawonongeka pogula yunifolomu ya mawanga obisalira m'nkhalango, m'dziko limene nkhalango ndi magawo awiri okha pa 100 alionse. Ndalama zonse zimene America inathira pa asilikali ndi apolisi a dzikolo zinapitirira madola 80 biliyoni.

Sindikuyeretsa akuluakulu a Afghanistan. Katangale analipo, wonunkha. Mafuta ankagulitsidwa pamsika. M'kaundula munali mayina a asilikali amene anathawa kalekale, amene anamwalira, ndi amene sanabadwe n'komwe, malipiro awo akulowa m'thumba mwa bwana. Mu 2009 atayesa kulipira apolisi ena kudzera pafoni, pa njira yotchedwa M-Paisa, ena anaganiza kuti awakwezera malipiro. Sanawakwezere. Kanali koyamba kulandira ndalama zawo zonse zisanadutse m'manja mwa akuluakulu. Msilikali wamba kawirikawiri ankayenda ulendo wa masiku kukasiya ndalama kumudzi chifukwa kwawoko kulibe banki, ndipo akachedwa kubwerera ankalembedwa kuti wathawa. Koma funsani kuti ndalama zochuluka chotero, zothiridwa mofulumira chotero, ndani ankazithira, ndipo ndani ankasainira.

Apa ndi pamene mlangizi ndimamupeza ndi mlandu. Iyeyo ndiye ankadziwa. Ankaona kuti pepala likuti asilikali 600 koma pamzere paima theka. Ankadziwa kuti popanda wailesi yake gululi silingathe mwezi. Koma ankayenera kulemba lipoti la mmene kandak yake ikuchitira, ndipo wolemba kuti palibe chasintha akudzineneza yekha kuti walephera ntchito. Ndiye aliyense ankapeza zinthu zili pansi, n'kuchoka atazikweza papepala, wobwera pambuyo pake n'kuzipezanso pansi. Ngakhale muyeso wake unkasinthidwa. Mu 2011 mlingo wapamwamba unasiya kukhala gulu lodziimira palokha, n'kukhala gulu lodziimira palokha koma lili ndi alangizi. Alipo amene analemba zoona, ndipo malipoti awo ankafewa akamakwera makwerero, mpaka pofika ku Washington Biden n'kumaima mu Julayi 2021 kunena za asilikali 300,000 okhala ndi zida zokwanira.

Panalinso zimene mlangizi ankaphunzira kusaona. Mu 2011 ku Kunduz asilikali awiri a America anamenya mkulu wina wa apolisi a m'midzi amene ankamuneneza kuti wagwiririra kamnyamata. Amene anaona zakuda ndi awiriwo: wina anachotsedwa paudindo, winayo anatsala pang'ono kuchotsedwa usilikali. Anthu a m'mudzi ankaona kuti mlendoyu akudya mbale imodzi ndi munthu amene akuwazunza. A Taliban sankafunika kulalikira zambiri.

Chikhulupiriro pakati pa mlangizi ndi wolangizidwa nachonso chinatha pang'onopang'ono. Mu Novembala 2009 ku Nad-e Ali wapolisi wa Afghanistan anawombera n'kupha asilikali asanu a Britain amene ankamuphunzitsa, atavula zodzitetezera n'kukhala pansi kuti apume. Mu 2012, chaka chimene mabuku a Quran anawotchedwa pa kampu ya Bagram, asilikali akunja opitirira 60 anaphedwa ndi anthu ovala yunifolomu ya boma. Ena mwa owomberawo anali otumidwa ndi a Taliban, ena anali anthu amene anangopsa mtima ndi chipongwe, monga kutukwanidwa pagulu kapena kuona akazi akusechedwa m'nyumba usiku. Mu Ogasiti 2014 Harold Greene, jenerali wa America, anaphedwa momwemo pa sukulu ya usilikali kufupi ndi Kabul. Yankho la NATO linali kuika msilikali wa mfuti yotchera kale kumbuyo kwa mlangizi pa msonkhano uliwonse. Ndikumvetsa chifukwa chake, inenso ndikanafuna wondilondera. Koma ganizirani mwini nyumba akuthira tiyi, pakhomo pataima munthu amene ntchito yake ndi kumuwombera akangotembenuka molakwika, kwinaku zikwangwani zikuti shona ba shona, phewa ndi phewa.

Tsopano tiwerenge maliro, poti mukuti anali amantha. America inataya asilikali opitirira 2,400. Britain inataya 457. Asilikali ndi apolisi a Afghanistan amene anafa ndi pafupifupi 66,000. Ashraf Ghani, pulezidenti wa Afghanistan pa nthawiyo, ananena mu Januwale 2019 kuti chilowereni iye pampando mu 2014 anali atafa kale opitirira 45,000. Amantha safa chonchi. Anthuwa anamenya nkhondo zaka zisanu ndi chimodzi NATO itabwerera m'mbuyo, ambiri m'timisasa ta dothi totalikirana, chakudya chikubwera mwa apo ndi apo.

Chimene chinawathyola msana n'chodziwika. Pa 29 Febuluwale 2020 America inasainirana pangano ndi a Taliban ku Doha, boma la Kabul kulibe pa tebulo, ndipo bomalo linakakamizidwa kumasula akaidi 5,000 a Taliban. Ndege za America zinachepetsa kwambiri kuthandiza. Mu 2021 makampani okonza ndege ananyamuka limodzi ndi asilikali, helikopita n'kuyamba kugona pansi. Kumayambiriro kwa Julayi a America anachoka ku Bagram usiku, ndipo mkulu wa Afghanistan amene anayenera kulandira malowo anauza atolankhani kuti anazindikira iwo atapita kale. Msilikali ali pa kamsasa, malipiro sanalandire miyezi, zipolopolo zatha, ovulala akufera m'manja mwake, kenaka akulu a m'mudzi akubwera ndi uthenga wa a Taliban kuti siyani mfuti mupite kwanu amoyo. Inu mukanatani? Mzinda wa Zaranj unagwa pa 6 Ogasiti, Kabul patangopita masiku 9, ndipo pulezidenti amene ankayenera kumufera anali atakwera kale helikopita.

Amene akuti mtundu umenewu sungaphunzitsidwe usilikali akumbuke kuti a Soviet Union nawonso anali ndi alangizi awo. Asilikali awo anachoka mu Febuluwale 1989, aliyense akuyembekeza kuti boma la pulezidenti Najibullah, limene ankalithandiza, ligwa m'masabata ochepa. Silinagwe. Asilikali ake anabweza a mujahideen pa mzinda wa Jalalabad chaka chomwecho, ndi akasinja ndi ndege zimene ankadziwa kuyendetsa ndi kukonza okha, mafuta ndi zipolopolo zikubwerabe kuchokera ku Moscow. Anagwa mu Epulo 1992, patapita miyezi yochepa thandizolo litadulidwa. Anapirira zaka zitatu asilikali a Soviet Union atapita. Boma la Ghani silinafike ngakhale pa 30 Ogasiti, tsiku limene ndege yomaliza ya America inanyamuka pa Kabul.