Pemphero la ife amene tasiya ntchito n'kunyamula kamera

Atate wathu wakumwamba, tagwada pamaso panu ife ana anu a kuno ku Harare, a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku. Makolo athu anachoka ku Malawi kudzafuna ntchito kuno, ndipo munawadyetsa m'dziko la eni. Inu simunasinthe. Ifenso simutitaya, Ambuye, simutitaya.

Mukudziwa kuti mwezi watha ndinapereka kalata yosiya ntchito. Zaka 11 ndili pa desiki, malipiro osaphonya mwezi ukatha. Lero chuma changa ndi kamera imodzi, malensi awiri ndi laputopu yakale. Inu amene munadzaza Bezaleli ndi luso, luso ili munandipatsa ndinu, ndipo ndinaopa kufa nditalikwirira pansi ngati kapolo wa talente imodzi uja. Petro anasiya makoka atadzaza nsomba. Tipatseni mtima umenewo, pakuti wanga ukugwedezeka.

Dzulo ndinaswera ku Africa Unity Square, maluwa a jakaranda akuyoyokera pa chikwama changa. Anthu ankangodutsa, aliyense akudzijambula yekha ndi foni. Tsiku lonse ndinajambula anthu atatu. Mmodzi anali gogo wovala chitenje chatsopano, amene anafuna chithunzi chotumizira mdzukulu wake ku Johannesburg. Atadziona pa kamera anagwira pakamwa, maso ali jegejege ndi misozi. Pamenepo ndinadziwa kuti sindinasochere. Koma nditalipira kombi, m'thumba munatsala za buledi basi.

Ndikhululukireni, Atate. Mayi anga ku Dedza sindinawauze. Lamlungu anandifunsa pa foni kuti kuntchito kuli bwanji, ine n'kuyankha kuti kuli bwino. Ndinanama. Mayi a kunyumba atandifunsa za lendi ndi fizi ya ana ndinawakalipira, chonsecho ankafunsa zoona. Chotsani kunyada mwa ine. Ndipatseni mphamvu ndiimbe foni ija mawa, ndinene chilungamo.

Nanunso abale a mumpingo, amene mumati "tangotijambulani, ndinu wathu yemwe", ukwati wonse kuyambira kutchalitchi mpaka kuholo, kenaka n'kungoti zikomo: wantchito ayenera malipiro ake! Mulungu akuona.

Yehova Yire, inu amene munatumiza makwangwala kwa Eliya, titumizireni makasitomala. Tsegulani makomo a maukwati, a zinkhoswe, a ana omaliza sukulu. Olipira mu ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, kapena m'madola, alipire pa nthawi yake. Magetsi akathima usiku ntchito ili pakati, tipatseni kuleza mtima. Tetezani zida zathu kwa akuba, memore khadi isafe ili ndi ukwati wa anthu. Ufa usathe m'mbiya monga kwa mayi wamasiye wa ku Zarefati. Khazikitsani ntchito ya manja athu, inde, ntchito ya manja athu muikhazikitse.

M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.