Mtengo wodulitsira mtengo

Dzulo podutsa kuno ku Chilomoni ndinaona mnyamata ali pamwamba pa bulugamu, wopanda nsapato, chikwanje chili m'chiuno, ndipo chingwe chake chinali chabuluu chija timayanikapo zovala. Pansi mwini nyumba ali chilili, foni m'manja, akujambula. Mawaya a magetsi ali poteropo. Ndinaima pang'ono, kenako miyendo inandiuza kuti tiye, zimenezi tinaziona kale. Ndiye ndati lero ndiyankhulepo, poti sukulu imeneyi ineyo ndinalipira fizi yake yonse.

Namondwe wa Freddy atatigwedeza mu Malichi 2023, ambiri muno mu Blantyre tinayamba kuyang'ana mitengo yapakhomo ndi diso lina. Kuseri kwa nyumba yathu kunali bulugamu amene tinamupeza pogula puloti, wamtali kuposa denga katatu, atapendekera pang'ono kwa aneba. Mphepo ikaomba usiku, mayi akunyumba sankagona. Pofika Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana ku Michiru, ndinati basi, mtengowu uchoke.

Kunabwera anthu awiri. Woyamba anali bambo wachikulire, imvi zili mbuu, ali ndi mthandizi wake. Sanafulumire kutchula ndalama. Anazungulira mtengo uja kawiri, kugogoda thunthu ndi msana wa nkhwangwa n'kumamvetsera, kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali ngati akuwerenga nthambi. Kenako mafunso: paipi ya madzi inadutsa pati? Dzenje la chimbudzi lili kuti? Waya uwu ndi wolowa m'nyumba mwanu kapena ukupitirira? Aneba mwawauza? Nkhuni zikhala za ndani? Ine mumtima ndikuti madalawa akuchulutsa gaga m'diwa. Atatchula mtengo wawo ndinaseka. Wachiwiri anali mnyamata wamphamvu zake, anangoyang'ana kamodzi n'kuti, “Bwana, aka ndi ka maola awiri aka.” Ndalama yake sinafike ndi theka lomwe. Mwadziwa kale amene ndinasankha.

Nthambi zing'onozing'ono zinatsika bwinobwino. Atafika pa nthambi yaikulu ya kwa aneba, anayamba kuitema kuchokera pamwamba, chingwe atapatsa anyamata awiri amene anawatola pamsewu kuti azikoka. Nthambi ya bulugamu yaiwisi ndi yolemera, abale, imakhala yodzaza madzi. Inang'aluka isanaduke, inazungulira, anyamata aja anataya chingwe n'kuthawa, ndipo inakatera pa khitchini ya aneba. Malata anayi anapindika, mbali ya mpanda inagwa. Mwayi wake munalibe munthu, mphika wa nyemba wokha ndi umene unafera pamoto. Mnyamata uja anatsika, anati akukatenga chingwe china chachikulu. Mpaka lero akukatengabe. Ndipo ndinali nditamupatsa kale ndalama yonse, poti anati akufuna alipire omuthandiza.

Ndisanamalize kusonkhanitsa ya malata, mu Novembala boma linagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, zinthu m'ma hardware zinakwera usiku umodzi. Ndinabwerera kwa madala aja mutu uli pansi. Sananditonze. Anangoti, “Tsopano ntchito yakula, achimwene, chifukwa mtengo wovulala sudziwika kogwera.” Anawonjezera pa mtengo wawo woyamba uja, ine ndinangovomera.

Pamene ankagwira ntchito ndinakhala pakhonde kuonerera, ndipo m'pamene ndinamvetsa chimene munthu umalipira. Kutema aliyense amatema, ngakhale ine nkhwangwa ndimaitha. Chimene chimadula ndi kudziwa kumene chidutswa chilichonse chikagwere, n'kuchifikitsa pomwepo. Anayamba ndi kuchotsa aliyense pabwalo, ana, nkhuku, mbale zapathandala, mpaka kuuza aneba atuluke kaye. Mthandizi wawo ndiye anakwera, atavala chipewa cholimba ndi lamba womumangirira ku thunthu, kuti ngakhale phazi litaterereka asafike pansi. Chingwe china, chokhuthala ngati chala chachikulu, anachidutsitsa pa mphanda yapamwamba n'kumanga nthambi asanaidule. Pansi madala anachikulunga pa tsinde la mango, ndiye nthambi ikaduka inkangolendewera, iwo n'kumaitsitsa pang'onopang'ono ngati akutsitsa ndowa m'chitsime. Podula nthambi iliyonse ankayamba kucheka kunsi kwake pang'ono, kenako pamwamba, kuti isang'ambike n'kusenda khungwa ngati mmene inachitira ija. Thunthu analitsitsa m'zidutswazidutswa kuchokera kunsonga. Litatsala lalifupi, anasema kamwa mbali imene ankafuna kuti ligwere, n'kucheka kumbuyo kwake, koma osadula n'kumaliza. Anasiya kachigawo pakati kogwira ngati hinji ya chitseko. Linagwa ndendende pamene anajambula ndi phazi m'mawa. Ntchito ya “maola awiri” ija inatenga tsiku ndi theka.

Ndiye ukaitana munthu wodziwa ntchitoyi, yembekezera kuti abwera kudzaona kaye. Amene akukuuzani mtengo pa foni kapena pongoona chithunzi pa WhatsApp, ameneyo akungolota. Chithunzi sichionetsa mphako, sichionetsa chiswe chimene chadya mkati, sichionetsa njuchi. Ndipo njuchi musazitenge mwachibwana: phokoso la chainsaw likazidzutsa munthu ali pamwamba, alibe kothawira. Kugogoda kuja madala ankamvera ngati thunthu lili ndi mphako, chifukwa mtengo wobooka mkati sumvera kamwa limene wasema, umagwera kumene wafuna wokha.

Yang'ananinso zida zake. Sindikunena kuti abwere ndi galimoto yolembedwa dzina, ayi, alipo akatswiri oyenda pa njinga. Koma chingwe chikhale chingwe, makwerero akhale makwerero, ndipo ngati ali ndi chainsaw muone mmene akuigwirira. Makina amenewa nsonga yake ikagunda chinthu amadumpha kubwerera kumaso kwa mwini wake. Woigwira ndi dzanja limodzi uku lina atakolowekera ku nthambi, kapena amene akununkha kachasu m'mawa, mubwezeni ulemu wake uli pomwepo.

Za magetsi ndiye sitikambirana n'komwe. Nthambi yaiwisi imadutsitsa magetsi, ndipo mawaya akuluakulu aja safuna kuti uwakhudze, kuyandikira kokha n'kokwanira. Ngati mtengo uli pafupi ndi mawaya, pitani ku ESCOM mukanene, adzazimitse kapena adzadule okha nthambizo. Wodula amene akuti “tingosamala bwana” akusewera ndi moyo wake, ndipo maliro ake adzakhala pakhomo panu.

Pamene ambiri timagwa m'mbuna ndi pa pangano. Ife timakonda kumvana pakamwa, n'kumati tidzaona konko. Mawu oti “kudula mtengo” kwa inu akutanthauza kuti pabwalo patsale mbee, pamene kwa iye akutanthauza kuti mtengo ugone pansi basi. Tsiku lomwelo mumangoona thunthu lalitali latseka njira ya galimoto, masamba ali mulu, iye akupukuta thukuta akudikira ndalama. Kuwaza nkhuni ndi ntchito ina. Kutaya zinyalala ndi ntchito ina, mwinanso yofuna kubwereka lole. Kuzula chitsa ndiye ntchito yaikulu kuposa mmene imaonekera, ndipo mizu ikalowa pansi pa maziko a nyumba kapena pa mpanda, kukoka mwamphamvu kumang'ambitsa khoma. Dziwaninso kuti bulugamu, malaina ndi kesha saafa ukawadula, mvula ikangogwa chitsa chimaphukira nthambi khumi. Ngati mukufuna kuti atheretu, nenani poyamba.

Nanga mtengo wogwawo ndi wa ndani? Funso limeneli lili ndi ndalama mkati. Bulugamu wowongoka amatuluka milimo ndi matabwa, mango wamkulu ndi nkhuni za miyezi ingapo, ndipo ootcha njerwa amazifuna. Odula ena amakuuzani kuti adula ulere bola atenge mitengoyo. Nthawi zina n'zabwino ndithu, koma werengerani kaye, chifukwa mwina mukumulipira kawiri osadziwa. Komanso munthu amene maso ake ali pa matabwa amafuna thunthu ligwe lathunthu, lalitali, pamene chitetezo cha nyumba yanu chikufuna kuti alidule m'zidutswa. Ine madala aja ndinagwirizana nawo kuti thunthu atenge, nthambi zitsale, ndipo anachotserako pa ndalama.

Kenako funso lovuta lija, limene timachita nalo manyazi ngati tikulosera tsoka: zikalakwika alipira ndani? Makampani ena akuluakulu, aja amagwira ntchito ku Namiwawa ndi ku Sunnyside kapena ku Area 10 ku Lilongwe, mukhoza kuwafunsa pepala la inshuwalansi, ndipo ngati akuti ali nayo aonetse. Koma tinene zoona, ambiri amene timawaitana m'makwalala mwathu muno ndi aganyu, alibe pepala lililonse. Zikatero dziwani kuti denga la aneba likaphwanyika, aneba sadzafunafuna mnyamata uja, adzagogoda pa chitseko chanu. Akagwa n'kuthyoka msana, abale ake adzabwera kwa inu. Choncho lembani pa pepala, ngakhale la m'kope la mwana: ntchito ndi iyi, ndalama ndi izi, chikaonongeka tidzatere. Jambulani chiphaso chake cha unzika, pakhale mboni, kaya ndi aneba kaya amfumu a m'dera. Ndalama perekani ya petulo ndi oyilo yokha poyamba, yotsalayo ntchito ikatha. Mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ndi bwinonso, uthenga uja umakhala umboni.

Pali mitengo ina yoti ngakhale ili pafupi ndi geti yanu si yanu. Ya m'mbali mwa msewu m'tauni ndi ya khonsolo, kafunseni kumeneko. Achibale athu ali ku Joni akudziwa, ku Johannesburg mtengo wa pamsewu suukhudza, ndi wa City Parks, bungwe la khonsolo ya mzindawo losamalira mapaki ndi mitengo. Ngati mukuchita lendi, mwini mtengo ndi alandilodi, ngakhale masamba ake akutsekereni ngalande chaka chilichonse. Wa m'malire ndiye kambiranani ndi aneba musanaitane munthu. Ndipo ikakhala mitengo yachilengedwe monga mbawa kapena mlombwa, kapena ya m'mphepete mwa mtsinje, yambani mwafika ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakwera. Amene akukatenga matabwa kudutsa nawo pa rodibuloko adzafunsidwa mapepala, ndipo akadzamufunsa kumene wawatenga adzaloza kwanu. Safunsa anadya phula.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri pa madala aja n'choti anakana ndalama ina. Bulugamu atagwa, ine mantha adakalipo, ndinati adulenso mango uja ndi peyala wa kutsogolo, tithane nazo. Anapukusa mutu. “Uyu walakwa chiyani? Mizu yake ili bwino, sanapendekere, ndipo ndi amene akukutchingirani mphepo. Mukamuchotsa, denga lanu likhala pambalambanda.” Anati mango angofunika kusadza nthambi ziwiri zimene zinkakhula malata, ndipo nthawi yake ndi mango akatha, cha mu Januwale kapena Febuluwale, kuti tisataye zipatso za chaka chimenecho. Anandiletsanso chizolowezi chathu chija chodula mutu wonse wa mtengo n'kusiya chithunthu chili njo. Nthambi zimene zimaphuka pamenepo zimakula msanga koma zimangomatirira kunja, sizigwira mkati, ndiye patapita zaka zingapo ndi zomwezo zimathyoka ndi mphepo. Pachilonda paja madzi amalowa, mtengo n'kuyamba kuola kuchokera pamwamba. Anandionetsanso podulira nthambi: pafupi ndi thunthu pali kotupa ngati khosi, umadula kunja kwa pamenepo, osasiya chiputu chachitali komanso osasenga mpaka kuthunthu, kuti khungwa lithe kutseka bala lokha.

Wodula wongofuna ndalama sangakuuzeni zimenezi, kwa iye mtengo uliwonse ndi wofunika kugwa. Ndipo ife tikachita mantha timavomera msanga. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timamva za nyengo yodzala mitengo, akuluakulu akujambulitsa atagwira mbande, koma mango wa zaka makumi atatu timamugwetsa m'mawa umodzi chifukwa masamba akutitopetsa kusesa. Yang'anani Ndirande ndi Soche mmene aliri mbee, kenako muyang'ane mthunzi umene uli pakhomo panu.

Nthawi yabwino yoitana anthuwa ndi chilimwe, mvula isanayambe, nthaka ili youma ndipo makungwa saterera. Ukadikira mpaka mtengo utatsamira denga mu Januwale, ulibenso mphamvu yonenerera, ulipira imene wauzidwa.

Chitsa cha bulugamu uja sindinachizulitse, ndalama zinathera ku malata. Chinaphukira monga ananenera, ndinasiyako nthambi zitatu zowongoka, ndipo madala anati zikafika pa denga ndiwaitane tidule zikhale milimo ya khola la nkhuku. Aneba tinagwirizananso, ngakhale mpaka pano mayi a kumeneko akamadutsa amandifunsabe kuti nyemba zawo zija ndibweza liti.