Ati kamakwera pamsana pa tsekwe!

Pali anthu ena akayamba kutsutsa chinthu chimene sachidziwa amachita kukuwawitsa mutu. Dzulo pagulu lathu la WhatsApp mnzathu wokhala ku Alabama, ku America, waika kavidiyo ka mayi wina akuveka mphete pamwendo wa kambalame ka hummingbird, kaja kofiira pakhosi. Bambo wina, wamkulu ndithu, sukulu anapita, n'kulemba kuti azungu asowa chochita, kambalame kotere sikangawoloke nyanja, kamakwera pamsana pa atsekwe. Tawafunsa kuti mwazitenga kuti, akuti anamva kalekale. Anamva!

Bambo inu, kumva si kudziwa ayi. Anthu amene mukuwanena kuti asowa chochitawo ndi amene kambalameka anakagwirapo m'manja. Inu simunakagwirepo. Iwo amalawirira m'mamawa, n'kutchera kakhola ka waya mkati muli madzi a shuga, kakalowa n'kutseka. Amakayeza phiko, amakayeza mlomo, mlomowo n'kuuyang'ana ndi galasi, chifukwa koswedwa chaka chomwecho umakhala ndi timizeremizere pomwe kachikulire umakhala wosalala. Amakauzira mpweya pakhosi ndi kapaipi kuti nthenga zipatuke, aone mafuta ali pansi pa khungu. Kenako pasikelo. Masiku onse kamalemera magalamu ngati 3, osakwana ndi supuni yaing'ono ya shuga yomwe, koma ulendo wothawa nyengo yozizira ukayandikira kamanenepa mpaka kufika pafupifupi kawiri kake. Ndiye tandiuzeni, mafuta onsewo ndi a chiyani ngati kakukakwera matola? Ndi amene kamawotcha pouluka makilomita 800 pamwamba pa nyanja ya Gulf of Mexico, maola ngati 20, popanda potera. Kokha, ndi mapiko ake. Tina timazungulira m'mbali mwa nyanja kudzera ku Texas, komabe n'kouluka tokha. Atsekwe anuwo amanyamuka mochedwa timbalameti titapita kale, ndipo ku Costa Rica ndi ku Panama kumene timakathera nyengo yozizira iwo safikako n'komwe.

Mwina bodza limeneli linayamba chifukwa anthu sankakhulupirira kuti kanthu kochepa chonchi kangathe ulendo wotere. Chabwino. Koma lero pali sikelo, pali nambala.

Mpheteyo si yodzikongoletsera. Ndi kachitsulo ka aluminiyamu, kolembedwa chilembo chimodzi ndi manambala asanu, kochokera ku Bird Banding Laboratory, ofesi ya boma la America yoyang'anira zoveka mbalame mphete ku Maryland, ndipo wopanda chilolezo cha boma saloledwa ngakhale kutchera kambalameka. Lamulo loteteza mbalame zosamuka lilipo kuyambira 1918. Nambala ya kamodzi sipatsidwa kena. Ndi nambalayo imene inaonetsa kuti kamene kanamwa madzi a shuga pakhomo pa munthu chaka chatha ndi komweko kabweranso chaka chino, pakhomo pomwepo, katapita ku Central America n'kubwerako. Ndi nambalayo imene inaonetsa kuti kakakazi kena kogwidwanso ku West Virginia kanali katapitirira zaka 9. Malemu Bob Sargent ndi akazi awo a Martha anatha zaka zambirimbiri pa Fort Morgan, ku Alabama komweko, akuveka mbalame mphete ndi kulemba m'buku. Iwowo alemba, inu mwangomva. Ndiye tikhulupirire ndani?

Safunsa anadya phula. Mukanangofunsa kuti mpheteyo ndi ya chiyani bwenzi mnzathuyo atakuuzani bwinobwino, koma inu mwayamba ndi kunyoza, takuuzani zoona mwaika kankhope koseka. Munthu wosadziwa ndimamumvetsa, amene amandikwiyitsa ndi wosadziwa koma akuchita makani pamaso pa anthu amene anayeza.

Komanso tisamangoseka bambowa ngati enafe tili bwino. Anamzeze ena amene timawaona kwathu nthawi ya dzinja amachokera ku Ulaya, ena ali ndi mphete pamwendo. Mnyamata akalasa mbalame yotere ndi legeni, kachitsuloko amakataya kutchire, mwinanso agogo n'kunena kuti ndi zamatsenga, musakagwire. Ku Cape Town kuli SAFRING imene imasunga manambala a mbalame za kum'mwera kwa Africa kuno, ikudikira kuti wina aiuze. Munthu foni ali nayo m'thumba, bandulo ya TikTok sasowa, koma kujambula nambala yokha n'kutumiza ayi.